Msana Wouma M'mawa: Kodi Madokotala Amauyeza ndi Muyeso Uti?

M'sewero la pa wailesi lomwe tikukambirana m'mutu uno munamva za mnyamata wa zaka 24, msodzi wa khoka, amene anayamba kumva kupweteka msana chaka chomwe analowa chikamwini. Tambala woyamba akamalira iye amakhala ali maso kale, akutembenuzika pamphasa. Kukacha, kudzuka kumamuvuta, msana uli gwa ngati mtengo, ndipo popita kudoko amatsimphina chifukwa cha chidendene. Koma akayamba kukoka khoka ndi anzake thupi limamasuka, kotero kuti pofika masana amagwira ntchito monga wina aliyense. Apongozi ake anati ndi ulesi basi: "Matenda anji odwala m'mawa mokha?" Amalume ake anati zachita kuponyedwa, ndipo anakamutemetsa mphini. Atapita ku chipatala anamujambula X-ray, koma chithunzi sichinaonetse kanthu. Pomwe sewero limatha, mkazi wake anali atayamba kukhulupirira mawu a mayi ake.

Pa zokambirana zathu, bambo wina wachikulire anafunsa funso lomwe ambiri analigwedezera mutu. Iwo anati: "Ngati makina sanaone kanthu, ife ndife yani kuti tinene kuti mwanayu akudwala?" Funso limeneli ndi labwino, ndipo ndi lomwe ndikufuna kuyankha pano. Kuti ndiyankhe bwino, mundilole ndikulowetseni pang'ono m'zimene madokotala amakambirana paokha, chifukwa nawonso akhala akulimbana ndi funso lomweli kwa zaka zoposa 60.

Kupweteka kwa msana n'kosiyanasiyana

Kuno ku Mangochi ndi ochepa amene sanamvepo msana. Kupalasa bwato, kukoka khoka, kusenza ndowa za madzi, kulima mowerama, kutchova njinga ya kabaza pa zitunda za ku Namwera, zonsezi zimatopetsa msana. Msana wotere umapweteka kwambiri mukamagwira ntchito, mukapuma umaleza, ndipo kawirikawiri umasiya wokha pakapita masiku kapena masabata angapo. Anthu ambiri odandaula msana ali m'gulu limeneli.

Koma pali mtundu wina umene umayenda mosemphana ndi umenewu. Ukapuma umakula, ukayenda umaleza. Umayamba pang'onopang'ono munthu akadali wachinyamata, umadzutsa munthu m'bandakucha, ndipo m'mawa msana umauma kwa theka la ola kapena kupitirira. Iyi ndi nyamakazi ya msana. Chimachitika n'chakuti chitetezo cha m'thupi chimayambitsa kutupa mkati, makamaka m'munsi momwe fupa la msana lalumikizana ndi mafupa a chiuno. Kutupako kukakhalitsa zaka zambiri, mwa anthu ena mafupa a msana amayamba kumatana, munthu n'kumayenda chowerama, osatha kucheuka, ndipo nthiti nazo sizitakasuka bwino popuma. Ikafika poonekera pa X-ray madokotala amaitchula kuti ankylosing spondylitis, ndipo banja lonse la nthenda zofanana nayo amalitchula kuti spondyloarthritis. Musavutike ndi mayinawa. Ndawalemba kuti mukadzawaona m'buku lanu la ku chipatala musadzadabwe.

Miyeso inayi

Palibe kuyeza kumodzi kwa magazi komwe kumanena motsimikiza kuti munthu ali ndi nthendayi, monga timachitira ndi malungo. N'chifukwa chake akatswiri akhala akulemba miyeso, ndiye kuti mndandanda wa zizindikiro zoti munthu akazikwanitsa awerengedwe m'gulu la odwala nthendayi. Inu a kunyanja mukudziwa kuti ukonde wa maso akuluakulu umagwira chambo chokhwima chokha, pamene wa maso ang'onoang'ono umakokolola ndi kasawala yemwe, ngakhalenso zinyalala. Miyeso imeneyi ilinso chimodzimodzi. Tiyeni tiione umodzi umodzi, ndipo uliwonse tiuyese pa mnyamata wa m'sewero uja.

Woyamba ndi muyeso wa New York. Unayambira pa msonkhano wa ku Rome mu 1961, unakonzedwa ku New York mu 1966, ndipo mu 1984 madokotala atatu a ku Netherlands, a van der Linden, a Valkenburg ndi a Cats, anaukonzanso. Muyesowu umayang'ana zinthu zitatu pathupi: msana wopweteka ndi kuuma kwa miyezi yoposa 3, umene umaleza ukamayenda koma osati ukapuma, kulephera kuwerama bwino kutsogolo ndi m'mbali, ndiponso chifuwa chosatakasuka mokwanira pokoka mpweya. Chimodzi mwa zitatuzi n'chokwanira, koma pokhapokha X-ray itaonetsa kuti molumikizana mafupa a m'chiuno muja mwawonongeka. Kuwonongekako amakupatsa manambala kuyambira 0 mpaka 4, ndipo pamafunika 2 kapena kuposa mbali zonse ziwiri, apo ayi 3 kapena 4 mbali imodzi.

Vuto lagona pomwepa. X-ray imaona fupa lowonongeka, siona kutupa kumene kukuwononga fupalo. Pamatenga zaka kuti kuwonongeka kuoneke, ndipo mwa anthu ena, makamaka amayi, sikuoneka n'komwe ngakhale akuvutika kwambiri. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana akuonetsa kuti odwala nthendayi amadikira zaka zoposa 6, tikatengera pakatikati, asanauzidwe chomwe akudwala. Mnyamata wathu wadwala chaka chimodzi chokha. Pa muyeso wa New York iye sagwidwa. Uwu ndi ukonde wa maso akuluakulu: chomwe wagwira n'chenichenidi, koma umagwira mochedwa.

Wachiwiri ndi muyeso wa Amor, wolembedwa mu 1990 ndi dokotala wa ku Paris, a Bernard Amor, ndi anzawo. Iwo anaona kuti nthendayi siikhala kumsana kokha, choncho anaganiza zowerengera mapointi. Kupweteka msana usiku kapena kuuma m'mawa ndi pointi 1. Kupweteka kwa chidendene ndi 2. Kupweteka m'matako ndi 1, koma kukamasinthana mbali, lero kumanja mawa kumanzere, ndi 2. Chala cha kumanja kapena cha kumwendo chotupa chonse kuyambira patsinde mpaka kunsonga ndi 2. Kutupa kwa mkati mwa diso ndi 2. Mawondo kapena akakolo otupa mosafanana mbali ziwiri ndi 2. Kupeza bwino pasanathe masiku awiri mutamwa mankhwala ochepetsa kutupa ndi 2. X-ray ikaonetsa kuwonongeka ndi 3. Palinso zina zingapo, ndipo munthu akafika mapointi 6 amawerengedwa.

Tsono tiwerengere mnyamata uja. Msana wa usiku, 1. Chidendene, 2. Mukukumbukiranso kuti m'sewero muja anauza mnzake kuti ululu umayendayenda m'matako, uku lero uku mawa, ndiponso kuti indosidi yemwe anagula paokala anamuthandiza tsiku lomwelo. Pamenepo pali 2 ndi 2 winanso. Zonse pamodzi ndi 7, popanda chithunzi chilichonse. Ine muyeso umenewu ndimaukonda, chifukwa zambiri za m'menemo zimangofuna makutu, maso ndi manja a wogwira ntchito ya chipatala. Choipa chake n'chakuti ndi wautali, ndipo pa mzere wa odwala ochuluka ngati womwe timauona Lolemba m'mawa, ndi ochepa amene angapeze mpata wowerengera mapointi.

Wachitatu unatuluka chaka chotsatira, mu 1991, kuchokera ku gulu la akatswiri a ku Ulaya lotchedwa ESSG. Uwu ndi waufupi. Pakhomo polowera pamafunika chimodzi mwa ziwiri: msana wa mtundu wotupa uja, kapena kutupa kwa mawondo ndi akakolo. Kenaka pamafunika chizindikiro china chimodzi chokha, monga chidendene, ululu wosinthana m'matako, wachibale wodwala nthenda yomweyi, nthenda ya pakhungu ya mambamamba yotchedwa psoriasis, kutupa kwa matumbo kwa mgonagona, kapenanso kutsegula m'mimba kapena nthenda ya njira ya mkodzo kapena ya khomo la chiberekero zomwe zinachitika mwezi umodzi nyamakazi isanayambe. Mnyamata wathu akulowa mosavuta.

Koma taganizirani za kwathu kuno. Nthawi ya dzinja ndi angati amene satsegula m'mimba? Nanga m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, ku Chembe, ku Msaka, ku Malindi ndi kuzungulira nyanja ya Malombe, ndi angati amamva kuwawa pokodza chifukwa cha likodzo? Munthu wosasamala atha kutenga bondo lotupa pa chifukwa china, n'kuwonjezapo kutsegula m'mimba kwa mwezi watha, basi muyeso wakwana. Uwu ndi ukonde wa maso ang'onoang'ono, ndipo m'madzi athu ano ungakole zambiri zosafunika.

Wachinayi ndi wa mu 2009, wochokera ku bungwe la akatswiri a m'mayiko ambiri lotchedwa ASAS, lomwe linauyesa pa odwala 649. Cholinga chawo chinali kugwira nthendayi msanga, fupa lisanawonongeke. Muyesowu ndi wa anthu amene msana wawapweteka miyezi 3 kapena kuposa ndipo unayamba asanakwanitse zaka 45. Uli ndi makomo awiri. Khomo loyamba ndi la zithunzi: X-ray kapena makina a MRI aonetse vuto m'chiuno muja, kuwonjezapo chizindikiro chimodzi. MRI imaposa X-ray chifukwa imaona kutupa kwenikweniko. Khomo lachiwiri ndi la magazi: munthu apezeke ndi chizindikiro chobadwa nacho chotchedwa HLA-B27, kuwonjezapo zizindikiro zina ziwiri. Pa kafukufuku wawoyo, mwa odwala enieni 100 muyesowu unagwira pafupifupi 83, ndipo mwa anthu 100 opanda nthendayi unakola molakwa pafupifupi 16. Ngakhale MRI imanamiza nthawi zina, pakuti amayi ongobereka kumene ndi anthu othamanga kwambiri amatha kuonetsa kutupa kofananako asakudwala.

Nanga mnyamata wathu? Makina oyamba a MRI m'dziko muno anaikidwa mu 2008 pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo anabwera makamaka chifukwa cha kafukufuku wa ana odwala malungo a m'bongo. Makina otere amapezeka m'mizinda ikuluikulu. Kuchokera pa boma la Mangochi kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 190, ndipo wochokera ku Makanjira ulendo wake ndi wautali kuposa apo. Msodzi wa khoka la eni ake ndalama yoyendera aitenga kuti? Khomo loyamba kwa iye ndi lotseka. Lachiwiri lili ndi nkhani yakeyake.

Chizindikiro cha m'magazi chimene ife ambiri tilibe

Mu 1973 akatswiri a ku London ndi a ku Los Angeles anatulukira kuti nthendayi imayendera limodzi ndi HLA-B27. Pakati pa azungu a ku Ulaya, anthu pafupifupi 8 mwa 100 amabadwa nacho chizindikirochi, ndipo mwa odwala ankylosing spondylitis 10 aliwonse, pafupifupi 9 amakhala nacho. Kumeneko kuyeza magazi kumathandizadi. Koma pakati pa anthu a mitundu yathu ya kuno kumwera ndi pakati pa Africa, osakwana mmodzi mwa 100 ndiye ali nacho. Chodabwitsa china, ku Gambia anthu a mtundu wa Fula alipo ambiri ndithu amene ali nacho, pafupifupi 6 mwa 100, koma ofufuza atawayeza mu zaka za m'ma 1990 sanapeze nthendayi pakati pawo.

Chifukwa cha kusowa kwa chizindikirochi, kwa nthawi yaitali mabuku ankaphunzitsa kuti nyamakazi ya mtundu umenewu ndi yosowa kwambiri mu Africa. Ngakhale ine ndili pa sukulu ya unamwino, nthendayi tinangoidutsa mwachangu ngati nthenda ya kutali. Koma anzathu a ku Zambia anaona zina. Mu 1998 a Dr Panganani Njobvu ndi anzawo a pa chipatala chachikulu cha University Teaching Hospital ku Lusaka anafalitsa zomwe anapeza: nthenda za m'banja limeneli zinachuluka kwambiri m'nthawi ya mliri wa Edzi. Anawerengera kuti pa anthu 100,000 okhala ndi kachirombo ka HIV, pafupifupi 180 anali nazo, pamene pa opanda kachirombo anali 15 okha. Ambiri mwa odwalawo ankatupa mawondo, akakolo ndi zidendene kuposa msana, ndipo HLA-B27 sinali kupezeka mwa iwo monga zimakhalira ku Ulaya. Madokotala a ku Harare nawonso anaona zofanana ndi zimenezi.

Apa pali zinthu ziwiri zoti tigwire. Choyamba, munthu wa kwathu kuno akayezetsa HLA-B27 n'kupezeka alibe, sizitanthauza kuti alibe nthendayi. Chachiwiri, wachinyamata aliyense wotupa mawondo, akakolo kapena zidendene popanda kuvulala ayenera kuyezetsa HIV. Si kumuganizira zoipa ayi, ndi mbali ya kufufuza, ndipo ma ARV akhala akuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma kuyambira 2004.

Munthu mmodzi, mayankho atatu

Mwaona tsopano kuti mnyamata mmodzi yemweyo, tsiku limodzi lomwelo, muyeso wa New York wamukana, wa Amor ndi wa ESSG yamulandira, ndipo wa ASAS walephera kunena kanthu chifukwa zipangizo zake palibe. Kodi wolondola ndi uti? Zoona zake n'zakuti miyeso yonseyi sinalembedwe kuti iziweruza munthu mmodzi amene wakhala pa benchi ya chipatala. Inalembedwa kuti ofufuza a ku Paris, a ku Berlin ndi a kwina akamayesa mankhwala azikhala akunena za odwala ofanana. Eni ake a miyesoyi amanena okha kuti dokotala ayambe wazindikira nthendayo poona munthu yense ndi kuchotsapo matenda ena, kenaka muyeso ubwere pambuyo. Choncho kwa bambo anafunsa aja ndikuti: chithunzi chopanda kanthu chikungotiuza kuti fupa silinafike powonongeka moonekera, ndipo imeneyo ndi nkhani yabwino. Sichikutiuza kuti mwanayo ndi waulesi.

Matenda oyenera kuwachotsapo poyamba

Pano ndichenjeze mwamphamvu, chifukwa sindifuna kuti wina awerenge kabuku kano n'kudziweruza yekha. Kuno kwathu, msana wopweteka usiku kwa miyezi ingapo tiyenera kuyamba tauganizira chifuwa chachikulu cha TB, chomwe chimagwiranso mafupa a msana ngakhale munthu asakutsokomola. Msana wa TB umapweteka malo amodzi, suleza ukamayenda, ndipo nthawi zambiri munthu amaonda, amatentha thupi ndi kutuluka thukuta usiku. Ukachedwa, fupa limafwifwinyika, pamsana pamatuluka linunda losongoka, ndipo miyendo itha kufa. TB imachizika ndipo mankhwala ake ndi aulere, koma miyendo ikafa kwa nthawi yaitali siibwerera nthawi zonse.

Likodzo nalo, ngakhale sizichitikachitika, mazira ake amatha kukafika ku mtsempha waukulu wa mumsana, munthu n'kuyamba kumva msana, dzanzi ndi kufooka miyendo m'masiku ochepa. Palinso khansa ndi matenda a impso. Motero mukaona miyendo ikuchita dzanzi kapena kufooka, mkodzo kapena chimbudzi zikutuluka zokha kapena zikukanika, musadikire kuti kuche kawiri. Pitani ku chipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi diso likafiira, likuwawa ndi kuopa kuwala: musathiremo mankhwala a zitsamba kapena ogula pamsika, chifukwa kutupa kwa mkati mwa diso kutha kuchititsa khungu.

Zoti mukanene mukafika ku chipatala

Mbali yomwe miyeso yonse inayi ikugwirizana ndi yomwe siifuna ndalama: mbiri ya ululu wanu. Ambiri tikafunsidwa timangoti "msana", basi, ndipo timapatsidwa panado n'kubwerera. Inu mukanene kuti unayamba liti ndipo munali ndi zaka zingati; ngati unayamba mwadzidzidzi mutanyamula katundu kapena pang'onopang'ono; ngati umakudzutsani usiku; m'mawa mumauma nthawi yaitali bwanji; ndiponso ngati kuyenda kumathandiza kapena kumawonjezera. Mukatchulenso zomwe mukuganiza kuti sizikugwirizana ndi msana: chidendene, chala chomwe chinatupa chaka chatha, diso lomwe linafiira, zotuluka pakhungu, kutsegula m'mimba kosatha, matenda opatsirana pogonana, ndi wachibale amene anawerama msana akadali wamng'ono. Amayi musaope kunena, nthendayi si ya abambo okha.

Kuyeza kwina kumangofuna tepi ngati ya telala. Wachipatala amalemba timizere tiwiri m'munsi mwa msana motalikirana masentimita 10, n'kukuuzani kuti muwerame. Msana wabwino mpatawo umakula ndi masentimita pafupifupi 5. Amathanso kuyeza chifuwa mutatulutsa mpweya ndiponso mutakoka. M'zipatala za m'maboma muli madokotala othandizira oona za mafupa, omwe maphunziro awo anayamba m'dziko muno mu 1985, ndipo mukhoza kupempha kuti akuoneni. Kumafunika kutero, iwo ndi amene amatumiza odwala ku Zomba kapena ku Blantyre. Buku lanu la ku chipatala mulisunge bwino, pakuti chithunzi chomwe chilibe kanthu chaka chino chimathandiza pochifananitsa ndi cha zaka zikubwerazo.

Mankhwala ochiziratu nthendayi palibe, koma othandiza alipo. Oyambirira ndi ochepetsa kutupa monga bulufeni, indosidi ndi diclofenac. Ndikudziwa kuti ambiri mumagula paokala n'kumamwa awiriawiri pamimba yopanda kanthu musanapite kunyanja. Chonde lekani. Mankhwalawa amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso, sayenera kuphatikizidwa mitundu iwiri nthawi imodzi, ndipo amayi oyembekezera, anthu othamanga magazi ndi amene ali pa ma ARV ayenera kuyamba afunsa ku chipatala. Kunja kuli majakisoni amphamvu omwe anayamba kugwiritsidwa ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, koma ndi okwera mtengo zedi ndipo amatha kudzutsa TB yogona m'thupi, kotero munthu amayamba wayezedwa TB asanawalandire.

Chithandizo china chachikulu ndi mafizo a tsiku ndi tsiku: kuwongola msana mutatsamira khoma, kupinda thupi mbali zonse, kukoka mpweya wambiri kuti nthiti zitakasuke, ndi kugona chafufumimba kwa mphindi zingapo. Kugona tsiku lonse kumawonjezera kuuma. Fodya amafulumizitsa kuwonongeka kwa msana, ndiye osuta asiye. Mabuku a kunja amayamikira kwambiri kusambira, ndipo ife nyanja tili nayo pakhomo. Koma pewani madzi odikha a m'mabango momwe mumakhala nkhono, ndipo mankhwala a likodzo akamaperekedwa m'dera lanu, kalandireni.

Kwa apongozi, akazi ndi eni makoka amene muli ndi munthu wotere pakhomo kapena pantchito, mupatseni ola loyamba la m'mawa kuti thupi limasuke, madzi ofunda osamba akhalepo, ndipo ntchito zolemera azigwira dzuwa litakwera. Tsiku lopita ku chipatala, amene amagona naye nyumba imodzi amuperekeze, chifukwa ndi iyeyo amene angafotokoze bwino kuti wodwalayo amadzuka nthawi yanji usiku ndiponso kuti m'mawa amatenga nthawi yaitali bwanji asanaweramuke.